Kodi Pangano la Namwino ndi Thangata?

Mwezi watha anatipeza pakhonde munthu wina wacikulire wa kutsidya kwa dambo, ali ndi kalata m'thumba la malaya, yothaitha m'mopinda cifukwa ca kuiwerengetsa kwa anthu ambiri. Mwana wace wamkazi anaphunzira unamwino ndi uzamba zaka zitatu pa sukulu ina ya mishoni, osalipira yekha, pakuti anampatsa thandizo la Boma. Asanalowe m'kalasi anamlembetsa dzina pansi pa pangano lakuti akatha maphunziro adzagwira nchito m'zipatala za dziko lino zaka zowerengeka, ndi kuti akacoka zakazo zisanakwane adzabweza ndalama. Mwanayo anakhoza mayeso, nalandira cilolezo ca nchito yace, nabwera kumudzi kudzalindira kuti amuitane. Anthu akolola kawiri, iye osaitanidwa. Tsopano mnzace wa kunja kwa dziko wamlembera kuti, Bwera kuno, nchito iripo. Ndipo atate wace anatifunsa nati, Aphunzitsi, mwanayu akapita adzakhala mbala kodi? Mwini wace alikuti panganolo ndi thangata cabe, ndipo thangata anatha kale.

Sitinamyankha msanga, pakuti mau a mwanayo sali opusa, ndipo funso limeneli liri m'nyumba zambiri za inu owerenga. Tiyeni tilisende pamodzi.

Thandizo limene ophunzira unamwino alandira liri la mitundu iwiri, ndipo ambiri a ife tiisokoneza. Mtundu woyamba ndi ngongole. M'caka ca 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe lochedwa Higher Education Students' Loans and Grants Board, kuti lizikongoza ndalama ana osauka a m'sukulu zapamwamba, ndi kulonjerera ngongole zakale kuyambira za m'caka ca 1985. Wopempha ayenera kukhala nzika ya Malawi, wolandiridwa kale pa sukulu yobvomerezeka, ndiponso wosowadi. Ndipo atatha maphunziro abweza ndalamazo pang'ono-pang'ono. Mtundu waciwiri ndiwo wa mwana uja: amlipirira sukulu, ndipo iye sabweza ndalama koma abweza zaka. Ophunzira alicha panganoli bondi. Kawiri-kawiri mapangano otere anenanso kuti wosiya sukulu pakati, kapena wolephera mayeso mobwereza, ataya thandizolo.

Tisanafike pa zakazo tiime kanthawi pakhomo polowera, pakuti cinyengo ciyamba pomwepo. Lamulo liti, wosowadi. Caka cina anatifika munthu mwini cigayo ndi khola la ng'ombe, natipempha kuti timlembere kalata ya umboni yakuti mwana wace ndi wamasiye. Titakana anadabwa kweni-kweni, nati, Nanga mwaumiranji mtima? Ndalama za Boma ziribe mwini. Mau amenewa tiwamva paliponse, ndipo anenedwa ndi anthu amene sangabe nkhuku ya mnansi wao ngakhale usiku wopanda mwezi. Koma thumba lothandiza ophunzira liri ndi potsiriza pace. Akalowa mwana wa mwini cigayo, pali mwana wina, wa mai wogulitsa makala, amene dzina lace latsala kunja; ndipo popeza mwini cigayoyo samuona mwanayo ndi maso, ayesa kuti sanalande kanthu kwa munthu.

Palinso lamulo lina limene anthu akumidzi alidandaula, lakuti wofuna unamwino akhale atakhoza bwino mayeso a MSCE m'Cingerezi ndi m'maphunziro a sayansi. Adandaula ndi cifukwa, pakuti sukulu zambiri zoyendera za kumidzi ziribe nyumba yoyeseramo sayansi, ndipo mwana afika pa mayeso atangomva za zipangizozo m'buku. Lamulo liri limodzi kwa onse, koma poyambira liwiro sipali pamodzi. Komabe ife sitipempha kuti atsitse mlingo. Mankhwala a mwana wodwala malungo ayesedwa molingana ndi kulemera kwace, ndipo namwino wosokoneza ciwerengero angathe kupha ndi dzanja lacifundo. Coyenera kukonzedwa ndi sukulu ya kumudziyo.

Tsono ndalamazo nza yani? Boma liribe munda wace. Cuma cace ndi msonkho umene tidulidwa pogula shuga, nsaru ndi malata, ndi umene adulidwa aphunzitsi ndi akalaliki pa malipiro ao. Cina cicokera kwa okhoma msonkho a maiko ena amene atithandiza. Cotero mai wa kumudzi amene sanalowepo m'sukulu anaponya kambeu kace m'munda umenewu, osadziwa dzina la mwana amene adzaphunzira nako. Ndipo anaponyeranji? Kuti tsiku limene mwana wace wamkazi adzabvutika pobala usiku, pakhale munthu wodziwa kuletsa mwazi. Pa pepala panganolo liri pakati pa wophunzira ndi Boma, koma mwini ngongole weni-weni ndi mai ameneyo. Ici ticinena poyamba, cifukwa acinyamata ambiri akakwiya ndi akuru a m'maofesi ayesa kuti pothawa pangano alanga akuruwo. Akuruwo akadwala apita ku zipatala zolipira. Wolangidwa ndi wina.

Nanga mau aja akuti thangata? Ana a lero alidziwa dzinali monga dzina la nkhanza cabe, koma poyamba linali dzina lokoma. Kuthangata kunali kuthandizana: lero tilima kwa uje, mawa kwa uje, ndipo mudzi unalimira mfumu yao kuti nkhokwe yace idyetse alendo ndi anjala. Azungu a minda yaikuru ya ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba anatenga dzina lomwelo nalibveka pa cinthu cina. Anthu okhala pa malo amene mzungu anati ndi ace anayenera kumgwirira nchito m'malo mwa lendi, ndi inanso ya msonkho wa nyumba. Ambiri anabadwira pomwepo, osafunsidwa ngati afuna. Mwezi wa nchito unawerengedwa ndi kapitao pa tikiti, ndipo tsiku limene munthu sanatsirize muyeso wace silinalembedwa, kotero kuti mwezi umodzi unatha kukhala masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira. Ndipo nchitoyo inafunidwa m'dzinja, nthawi yomwe munthu anayenera kupalira munda wace. Wokana anapitikitsidwa. Zowawa zimenezi zinali mwa zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe m'caka ca 1915, ndipo thangata sanathe mwa lamulo kufikira 1962.

Taonani tsono cimene cinaipitsa thangata. Sikunali kugwira nchito pobweza cimene walandira. Mkamwini acita comweco kwa apongozi ace, ndipo palibe amucha kapolo. Cinaipa ndi cakuti munthu sanabvomere yekha, anagwira osalandira mphotho yoyenera, ndipo koposa zonse masiku ace analibe mathero, popeza wowerenga masikuwo anali yemweyo wopindula nao. Tikaika pangano la namwino pambali pa ici, tiona kusiyana. Mwana uja anali wamkuru msinkhu, wodziwa kuwerenga, ndipo palibe anamgwira dzanja polemba dzina. Zaka zace zinalembedwa. M'zaka zimenezo sagwira ulere, alandira malipiro monga anzace. Akafuna kucoka, khomo liripo: abweze ndalama. Ndipo atatha zakazo nzeru zonse zikhala zace kufikira imfa, apite nazo kumene afuna.

Wina adzati, Inde analemba yekha, koma wosauka asankha bwanji? Mwana wa wolemera alipira yekha, natha maphunziro ali mfulu; mwana wa wosauka yekha ndiye amangidwa. Mau awa ali ndi coonadi ndipo sitiwakana. Njala ibvomereza zambiri zimene wokhuta akadakana. Cifukwa cace tinena kuti wolemba pangano ndi wosauka ayenera kusamala koposa wolemba pangano ndi wolemera: zaka zikhale zolingana ndi zimene analipira, mau akhale omveka, ndipo amuwerengere mwanayo zonse asanalembe dzina, makamaka za cimene cidzacitika akacoka. Ndipo inu makolo, musamkankhe mwana kuti, Lemba msanga mwai ungapite, inu osafunsa cimene ciri pa tsamba laciwiri. Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Koma kuti wosauka anasankha mothinana sikusandutsa panganolo ukapolo. Pakadapanda panganolo, mwana uja akadakhala alikusenza mtolo wa nkhuni lero lino, ndipo iye mwini adziwa.

Ndiponso mwambo uwu sunapangidwira ife tokha, monga ena ayesa. Pamene Florence Nightingale anatsegula sukulu yace ya anamwino pa cipatala ca St Thomas mu London m'caka ca 1860, ndi ndalama zimene anthu anasonkha, ophunzira ace analonjeza kutumikira m'zipatala zaka zingapo atatha kuphunzira. M'masiku athu ano dziko la Wales, m'cisumbu comweco ca Britain, linaika lamulo lakuti wolipiriridwa maphunziro a unamwino a zaka zitatu agwire nchito m'dzikomo zaka ziwiri. Anansi ao a ku England anayesa njira yina: m'caka ca 2017 anacotsa thandizo laulere, nati ophunzira unamwino azikongola monga ena onse. Caka comweco opempha malo anacepa ndi 23 pa 100 ali onse, ndipo m'caka ca 2020 anabwezanso thandizo la mapaundi 5,000 pa caka. Ngakhale m'dziko lolemera anapeza kuti anamwino samera okha monga bowa.

Kufikira pano tanena monga otsutsa mwana uja. Tsopano timve mbali yace, pakuti mlandu suweruzidwa ndi khutu limodzi.

Pangano liri ndi manja awiri. Wophunzira analonjeza kugwira nchito. Nanga winayo sanalonjeze kumpatsa nchitoyo kodi? Kapena mauwo sanalembedwe pa pepala, koma ali m'kati mwa panganolo monga mbeu iri m'kati mwa dzungu. Mkamwini akafika pamudzi ndi khasu lace, apongozi osamuonetsa munda, sangamtonze m'masika kuti ndi waulesi. Ndipo akamuuza kuti, Usacoke, komanso usalime, ungokhala kufikira tidzakumbukire, pamenepo mudzi wonse udzaona kuti olakwa ndi apongozi. M'zaka zapitazi anamwino ambiri okhoza mayeso akhala pamudzi osalembedwa nchito, Boma likunena kuti ndalama za malipiro zacepa, pamene m'zipatala namwino mmodzi alikuyang'anira cipinda codzala odwala usiku wonse. M'caka ca 2022 bungwe lao, National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi, linanena poyera kuti lidzafunira anamwino otere nchito ku America ndi ku Saudi Arabia, ndipo Boma linaletsa. Sitiweruza pano za njira imene bungwelo linatsata. Koma funso la anamwinowo linali lolunjika: ngati simutilola kupita, tilembeni.

Apa ndi pamene mau a mwana uja aluma. Kumbukirani tikiti ya kapitao. Ngati zaka za pangano ziyamba kuwerengedwa tsiku limene munthu walembedwa nchito, ndipo tsikulo liri m'manja mwa wolembayo yekha, ndiye kuti masiku alikupita osalembedwa pa tikiti. Zaka zitatu zingathe kusanduka zisanu, zisanu ndi ziwiri, munthu alikukalamba, nzeru za m'manja zirikuzirala, pakuti kubaya mtsempha wa khanda ndi luso lofuna kucita tsiku ndi tsiku. Pangano silinali thangata polilemba, koma lingasanduke thangata polisunga motere. Ife tiyesa kuti cilungamo cifuna kuti pangano liri lonse lotere linene nthawi mbali zonse ziwiri: wophunzira atumikire zaka zakuti, ndipo Boma limpatse malo m'miyezi yakuti, likalephera limmasule ndi kalata.

Ndipo dziko lathu linaphunzira kale kuti cingwe cokha sicisunga namwino. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, pamene nthenda ya Edzi inadzaza zipatala, anamwino athu anaturuka makumi-makumi caka ndi caka kunka ku Britain, ena nalowa nchito za mabungwe. M'caka ca 2004 Boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linayamba nchito yapadera ya zaka zisanu ndi cimodzi: linakuza sukulu zophunzitsa, za Boma ndi za mipingo zomwe, nililipirira ophunzira, ndipo kuyambira 2005 linaonjeza 52 pa 100 pa malipiro a anchito a m'zipatala. Owerengera anapeza kuti anchito amenewa anacuruka kucokera pa 5,453 m'caka ca 2004 kufika pa 8,369 m'caka ca 2009. Mbuzi yokhuta sibvuta pa cingwe.

Nanga tsono wolindira osaitanidwa wamasuka konse kodi? Apa tisiyana naye mwana uja. Boma likacedwa, lacimwira iye; koma mai uja wa kumudzi sanamcimwire. Ngongole ya kwa odwala siifa cifukwa kalaliki wacedwa ndi kalata. Cimene casintha ndi nthawi ndi njira yobwezera. Munthu sangadye pangano, ndipo palibe cilungamo cimene cimuuza kuti afe ndi njala pambali pa luso lace. Akapita kukagwira kwina poyera, atapempha malo nakanizidwa, ife sitimucha mbala. Koma pali kusiyana kwakukuru pakati pa iye ndi wina amene anapatsidwa malo pa kacipatala ka kutali, kopanda magetsi, kofika njinga yokha m'dzinja, nakana cifukwa afuna tauni, nazemba usiku. Ameneyo akanena za thangata anamiza mtima wace. Malo akutaliwo ndiwo amene panganolo linalembedwera. M'tauni anamwino akadapezeka popanda pangano.

Tinenenso ici, ngakhale ena cidzawawawa. Alipo amene akwaniritsa zaka zonse, osasowa tsiku, koma ngongole osaibweza. Mwa inu amai alipo amene anakalipiridwa pa bedi lobalira, ndi ena amene anauzidwa kuti mankhwala atha nawapeza madzulo pa kauntala ya kumsika. Pepala liwerenga zaka cabe, silingathe kuwerenga mau ofatsa kapena kudzuka msanga wodwala akaitana. Tidziwa kutopa kwa namwino wotsala yekha usiku, ndipo ambiri a iwo acita zoposa mphamvu ya munthu, osayamikidwa. Ife odwala ndi odikirira odwala tiri nayonso ngongole kwa iwo, ndipo kawiri-kawiri tiibweza ndi mwano. Koma wogulitsa mankhwala a odwala wathyola pangano koposa amene anakwera ndege.

Za maiko olandira anamwino athu tinene pang'ono. M'caka ca 2010 maiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana pa malangizo a kalembedwe ka anchito a zipatala ocokera kunja, ndipo pa mndandanda wa 2023 wa maiko osowa anchito otere, amene sayenera kukokedwa anthu ao mwadala, Malawi analipo. Koma malangizowo saletsa munthu kudzifunira yekha nchito kunja. Khomo latsekedwa kwa wodzasaka, kwa woturuka yekha liri lotsegula; cotero mlandu ubwerera ku mtima wa mwini wace.

Zonsezi tinakamba ndi munthu uja kufikira mthunzi wa mtengo unafika pa khonde. Potsiriza tinamuuza kuti mwanayo asapite mozemba. Ayambe wawerenganso pepala lace, mau ndi mau, aone cimene linena za kulindira ndi za kubweza. Atatero alembe kalata kwa amene anapangana nao, yonena kuti, Ndiri pano, ndakonzeka kupita kuli konse mudzandituma. Ngati mulibe malo, ndimasuleni ndi kalata kuti ndikagwire kwina. Aisunge ina yofanana nayo, ndi tsiku lace. Akammasula, kapena akampatsa njira yobwezera ndalama pang'ono-pang'ono, apite ndi nkhope yoyera, akumbukire kuti kuno kuli zaka zimene sanabweze, ndipo tsiku lina adzabwere nazo, ndi nzeru zoonjezera zimene adzaphunzira kumeneko.

Munthuyo anakhala cete, napinda kalata ija, nafunsa kuti, Nanga akamyankha kuti apite ku kacipatala ka kumapiri, kumene kulibe ndi msika womwe? Tinati, Pamenepo apite, ndipo inu mumperekeze ndi thumba la ufa. Anaseka pang'ono nati amace a mwanayo sadzakondwa, pakuti anayamba kale kuwerengera malata a nyumba pa ndalama za kunjazo. Anapempha pepala ndi envulopu, tinampatsa, nati adzabwera naye mwanayo Loweruka kuti tidzaone ngati kalatayo yalembedwa bwino.